Pa 2 Meyi tisamangotchula dzina la Athanasius

Akonzi,

Tiloleni tidzere m'nyuzipepala yanu kuti tilankhuleko ndi ansembe, abusa, akatekisiti, akulu a mpingo ndi aphunzitsi a kalasi. Pa 2 Meyi mipingo monga ya Katolika ndi Anglican imakumbukira Athanasius, bishopu wa mzinda wa Alexandria ku Egypt, amene anamwalira pa tsikuli m'chaka cha 373. Tsikuli linapanikizika. Dzulo lake ndi tchuthi cha apantchito, mawa lake pa kalendala ya Katolika ndi la atumwi Filipo ndi Yakobo, ndipo kumudzi anthu amakhala ali kalikiliki kukolola. Wotsogolera mapemphero amangotchula dzinalo kamodzi, nthawi zina molikhotetsa, basi zatha. Komatu Lamulungu lililonse Akhristu omwewo amaimirira n'kunena mawu a Chikhulupiriro cha ku Nicaea, amene munthuyu anathamangitsidwira pampando kasanu, ndipo ambiri sadziwa kuti mawuwo akutsutsa chiyani. Pempho lathu n'lakuti chaka chino timulemekeze pophunzitsa mawuwo bwinobwino, mzere ndi mzere.

Mkangano unabuka ku Alexandria cha m'ma 318. Wansembe wina wochokera ku Libya, dzina lake Arius, ankaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu ndi wamkulu kuposa zolengedwa zonse, kuti zonse zinalengedwa kudzera mwa iye, koma naye ndi wolengedwa, ndipo inalipo nthawi imene iye kunalibe. Tisamupeputse Arius. Anali mlaliki womveka, ankafuna kuteteza mfundo yoti Mulungu ndi mmodzi, ndipo anaika chiphunzitso chake m'ndakatulo zoti anthu aziimba. Bishopu wa ku Alexandria pa nthawiyo, Alexander, anamuchotsa mumpingo, koma mabishopu ena a kummawa anamuikira kumbuyo, moto n'kukolera mpaka mfumu yaikulu ya Aroma, Constantine, inaitanitsa msonkhano ku Nicaea m'chaka cha 325. Mzindawo lero ndi Iznik, ku Turkey. Mwambo wa mpingo umati mabishopu anali 318.

Apa pali zolakwika ziwiri zimene alaliki amabwereza. Athanasius sanatsogolere msonkhanowu. Anapitako ngati dikoni, mlembi wa Alexander, asanakwanitse ndi zaka 30 zomwe, ndipo ubishopu anaulandira pa 8 Juni 328. Komanso liwu la Chigiriki lakuti homoousios, limene msonkhano unasankha, sanalipeke ndiye. Anayamba kuliumirira kwambiri patapita zaka zoposa 20, ataona kuti mawu ena onse akupotozedwa. Iye mwini analemba zimene zinachitika mumsonkhanomo: mabishopu akati Mwana ndi wochokera kwa Mulungu, kapena ndi mphamvu ya Mulungu, a mbali ya Arius ankanong'onezana ndi kutsinzinirana maso, podziwa kuti mawuwo angawavomere, popeza nafenso anthu ndife ochokera kwa Mulungu. Panafunika liwu lotseka mpata. Homoousios ndiye kuti chimene Atate ali, umulungu weniweniwo, ndi chomwecho chimene Mwana ali. Mabishopu awiri okha, Secundus ndi Theonas, onse a ku Libya, ndi amene anakana kusaina.

Wina angaganize kuti nkhani inathera pomwepo. Ayi ndithu. Pa zaka 45 zimene Athanasius anali bishopu, pafupifupi 17 anazithera kunja kwa mzinda wake. Adani ake sanayambire pa chiphunzitso, anayambira pa milandu. Pamsonkhano wa ku Tyre mu 335 anamunenera kuti wansembe wake anaswa chikho cha Mgonero cha munthu wina dzina lake Ischyras, ndiponso kuti iye anapha bishopu Arsenius n'kumudula dzanja kuti akakhwimire. Dzanja louma ankayenda nalo m'bokosi ngati umboni. Olemba mbiri akale akuti Athanasius analowetsa munthu wofunda nsalu, n'kufunsa ngati alipo akumudziwa Arsenius. Atavomera, anamuvundukula nkhope, kenako anatulutsa dzanja limodzi, n'kudikira pang'ono, n'kutulutsa linalo, n'kufunsa kuti lachitatu linadulidwa pati. Mlandu wakupha unagwa, koma anamupezera wina woopsa kwa mfumu: akuti anaopseza kuti aletsa zombo za tirigu kuchoka ku Alexandria kupita ku Constantinople. Likulu linkadya tirigu wa ku Egypt, ndiye Constantine sanafunenso kumva zambiri. Anamutumiza ku Trier, ku Germany wa lero.

Anabwerako mu 337 Constantine atamwalira, n'kuthamangitsidwanso mu 339. Ulendo uno anathawira ku Roma, kumene Papa Julius anamulandira, ndipo anabwerera kwawo mu 346. Ulendo wachitatu ndi umene uyenera kufotokozedwa modekha m'kalasi, chifukwa anaulemba yekha. Usiku wina mu Febuluwale 356, anthu akuchezera kupemphera m'tchalitchi cha Theonas (osati wa ku Libya uja), mkulu wa asilikali Syrianus anazinga nyumbayo ndi asilikali oposa 5,000. Athanasius anakhala pampando wake n'kuuza dikoni kuti awerenge salimo, anthu aziyankha kuti "pakuti chifundo chake nchosatha", kenako azituluka kupita kwawo. Kuyankha kumeneku mukupeza mu Salimo 136. Anakana kutuluka anthu asanathe, mpaka amonke ndi ansembe ena anachita kumukoka. Zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira anabisala pakati pa amonke a m'chipululu ndi m'nyumba za Akhristu, akulemba mabuku. Kachinayi anamuchotsa ndi Julian mu 362, mfumu imene inasiya Chikhristu. Kachisanu ndi Valens mu 365, kwa miyezi yochepa. Anafera pakama pake, ali bishopu. N'chifukwa chake pa tsiku lake wansembe amavala zoyera, osati zofiira za amaritiri.

Tsono chifukwa chiyani munthu angavutike chonchi pa liwu limodzi? Yankho lake lili m'kabuku kake konena za kusanduka munthu kwa Mawu a Mulungu, ka mitu 57 yaifupiifupi, ndipo mphunzitsi aliyense ayambire pamenepa osati pa Chigiriki. Munthu anagwidwa ndi imfa ndi chivundi. Cholengedwa chinzake, ngakhale mngelo wamkulu, sichingamupatse moyo wosatha, poti nacho moyo chinachita kulandira. Wobwereka sabwereketsa. Amene angakonzenso munthu ndi yekhayo amene anamupanga poyamba. Anapereka fanizo la chithunzi chojambulidwa pathabwa chimene chafufutika ndi litsiro: thabwalo salitaya, koma mwini nkhope amayenera kubwera kuti ajambulidwenso pomwepo. Anaperekanso la mfumu imene yalowa mumzinda n'kukhala m'nyumba imodzi: mzinda wonse umalemekezeka, achifwamba n'kuuopa. Ngati Yesu ndi cholengedwa, ndiye kuti amene anabwera kudzatiombola ndi mthenga chabe, ndipo ife pomugwadira tikupembedza cholengedwa. Ndiponso tinabatizidwa bwanji m'dzina limodzi la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, ngati mmodzi yekha mwa atatuwa ndiye Mulungu?

Nayi njira imene tikuona kuti ingatheke pampingo uliwonse, ngakhale umene sukumbukira oyera mtima. Pa kalendala yathu 2 Meyi nthawi zonse amagwa pakati pa Pasaka ndi Pentekoste, ndipo Lamulungu la Utatu Woyera limabwera sabata imodzi Pentekoste itapita, pakati pa 17 Meyi ndi 20 Juni. Choncho kuchoka pa tsiku la Athanasius kufika pa tsiku la Utatu pamakhala masabata awiri mpaka asanu ndi awiri. Konzani maphunziro anayi a mphindi 40, Lamulungu mapemphero akatha kapena kumiphakati ndi kumilaga. Chaka chimene Pasaka yafulumira, phatikizani awiri oyamba. Ngati 2 Meyi wagwa Lamulungu, mapemphero a Lamulungu la nyengo ya Pasaka ndi amene amapambana, koma phunzirolo silikanika. Zofunika n'zochepa: pepala limodzi pa anthu awiri, lolembedwa Chikhulupiriro cha ku Nicaea monga chilili m'buku la mapemphero la mpingo wanu, mzere uliwonse uli ndi nambala, Baibulo limodzi pa anthu atatu kapena anayi, bolodi ndi choko. Gulu lisapitirire anthu 25, apo ayi amafunsa ndi awiri okha olimba pakamwa.

Phunziro loyamba, mbiri isadye mphindi zoposa 15. Chiyeso chachikulu ndi kuthera nthawi yonse pa dzanja la Arsenius, anthu n'kuseka, n'kupita kwawo osadziwa chimene ankakanganirana. Mphindi zotsalazo werengani Chikhulupirirocho pang'onopang'ono, aliyense achonge mzere umene sakuumva. Muwauzenso zoona: mawu amene timanena Lamulungu si a 325 okha. A 325 anangoti "ndi Mzimu Woyera" n'kusiyira pomwepo. Mbali yaitali yonena za Mzimu inabwera ndi msonkhano wa ku Constantinople mu 381, Athanasius atamwalira kale zaka zisanu ndi zitatu.

Phunziro lachiwiri ndiye mtima wa zonse, ndipo vuto lake lili m'Chichewa chathu chomwechi. Lembani pabolodi mawu awiri: kubala ndi kupanga. Mmisiri amasema mtondo, mayi amaumba mbiya. Mtondo si munthu, mbiya si munthu. Koma mmisiri yemweyo akabala mwana, mwanayo ndi munthu ngati iye, osachepera umunthu ngakhale pang'ono. Mbuzi imabala mbuzi. Athanasius ankaima pamfundo imeneyi: Malemba akamati Mwana, akutanthauza wobadwa, ndipo wobadwa kwa Mulungu ndi Mulungu. Ndiye tanthauzo la mzere uja wakuti wobadwa, osati wolengedwa. Pamenepa wophunzira wochenjera adzafunsa, monga ankafunsira a Arius, kuti kodi bambo sakhalapo mwana asanabadwe? Musamukalipire, funso ndi labwino. Kwa ife anthu zili choncho chifukwa timakhala m'nthawi, timakula, timakalamba. Mulungu sanayambe wakhalapo wopanda Mawu ake ndi Nzeru yake. Fanizo limene Athanasius ankalikonda, lochokera pa Ahebri 1:3, ndi la kuwala ndi kunyezimira kwake: kunyezimira kumachokera ku kuwala, koma palibe mphindi imene kuwala kunalipo kosanyezimira.

Samalani ndi liwu lakuti "wofanana". M'zaka za m'ma 350 gulu lina linkafuna kuti m'malo mwa homoousios anene homoiousios, kusiyana kwake kachilembo kamodzi, kutanthauza wofanana ndi Atate pa chikhalidwe. Ena ankangoti wofanana basi. Mapasa amafanana, koma ndi anthu awiri, aliyense ndi moyo wake. Chifanizo chimafanana ndi mwini wake koma sichipuma. Mphunzitsi akangoti "Yesu ndi wofanana ndi Mulungu" n'kusiyira pomwepo, wasiya khomo lotsekula. Awonjezere kuti umulungu wake ndi umodzi womwewo ndi wa Atate. Chimodzimodzi ndi Yohane 10:30, "Ine ndi Atate ndife amodzi". Kwathu kuno ngakhale anthu a chipani chimodzi kapena achibale a mbali ziwiri paukwati amati ndife amodzi, kutanthauza kugwirizana mtima. A Arius ankawerenga vesili chomwecho. Auzeni ophunzira apitirize kuwerenga mpaka vesi 33, aone chifukwa chimene omvera anatolera miyala.

Mafanizo a Utatu amene amamveka m'makalasi ambiri amagwetsa. La madzi, ayezi ndi nthunzi, kapena la bambo mmodzi amene ndi mphunzitsi kusukulu, mwamuna kwa mkazi wake ndi tate kwa ana ake, limaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi wongosintha zovala. Chimenecho ndi chiphunzitso cha Sabellius, chimene mpingo unakana Arius asanabadwe, ndipo chimasweka pa Yorodano pamene Mwana ali m'madzi, Mzimu akutsika, Atate akulankhula. La mafuwa atatu ogwira mphika umodzi limakoma m'khutu, koma limagawa Mulungu patatu, ngati kuti Atate paokha ndi gawo chabe la Mulungu. Ngati mwagwiritsa fanizo, nenani pomwepo pamene likulephera. Amene amasiya osanena, ana a kalasi amanyamula fanizolo n'kutaya chiphunzitso.

Phunziro lachitatu likhale la mavesi ovuta, ndipo musawabise, chifukwa Mkhristu amene sanawaonepo kutchalitchi adzawaona pakhonde pake mlendo atamutsekulira Baibulo. Anayi ndi okwanira: Yohane 14:28, pamene Yesu akuti Atate ndi wamkulu, Marko 13:32, pamene akuti Mwana sadziwa tsikulo, Akolose 1:15, wobadwa woyamba wa chilengedwe chonse, ndi Miyambo 8:22, imene m'Baibulo la Chigiriki limene onse ankawerenga inkati Ambuye anandilenga. Athanasius ankati pa vesi lililonse funsani nthawi yake, munthu amene akunenedwa, ndi nkhani imene ili pamenepo. Ankatinso Malemba amalankhula za Mpulumutsi pawiri: kuti ndi Mulungu chikhalire, ndi kuti pambuyo pake anavala thupi chifukwa cha ife. Njala, kutopa, misozi, kusadziwa, n'za thupi limene analitenga kukhala lakelake. Afilipi 2:6-8 akhale chotsekulira. Pa Akolose werengani vesi 16 lomwe, limene likuti zonse zinalengedwa mwa iye, ndipo fotokozani kuti uchisamba m'Baibulo ndi udindo, si kutsogola kubadwa kokha: Davide anali chitsirizira kwa Jese, koma Salimo 89:27 likumutcha woyamba. Gawani anthu m'magulu anayi, gulu lililonse vesi limodzi, mphindi 10 zowerenga mutu wonse, kenako lifotokoze. Gulu likangowerenga vesi lokhalo osaona za m'mbali, libwezeni.

Lachinayi ndi la Mzimu Woyera ndi ubatizo. Athanasius analembera makalata bishopu Serapion wa ku Thmuis potsutsa anthu amene ankavomera umulungu wa Mwana koma n'kumati Mzimu ndi wolengedwa. Mfundo ndi yomweija: amene amatiyeretsa n'kutilumikiza kwa Mulungu sangakhale cholengedwa. Apa pomwe konzani mawu ake otchuka akuti Mawu anasanduka munthu kuti ife tilandire umulungu. Sankatanthauza kuti Mkhristu ndi kamulungu kolamula chuma ndi mvula, monga amapotozera ena. Ankanena zimene zili pa 2 Petro 1:4: Mwana ali nazo mwachibadwa, ife timalandira mwachisomo.

Kulemekeza munthu sikumunamizira zabwino. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo za Athanasius za m'maluwa zilipo zambiri. Chikhulupiriro chotchedwa cha Athanasius, chimene chili m'mabuku a mapemphero a mipingo ina, sanalembe ndiye. Chinalembedwa m'Chilatini kumadzulo iye atamwalira kalekale. Mawu otchuka oti Athanasius yekha kulimbana ndi dziko lonse ndi a anthu apambuyo, ndipo amabisa mabishopu a ku Egypt, amonke, anthu wamba a ku Alexandria ndi anzake monga Hilary wa ku Poitiers, amene nayenso anathamangitsidwa. Sanasankhe yekha mabuku a m'Baibulo. Chimene chilipo n'chakuti kalata yake ya Pasaka ya chaka cha 367 ndiyo yakale kwambiri imene ikutchula mabuku 27 a Chipangano Chatsopano ndendende monga tili nawo lero. Mkangano wa mtundu wa khungu lake tisalimbane nawo. Kuti ndi mwana wa Africa palibe angatsutse, ndipo ndiye anadzoza Frumentius kukhala bishopu woyamba wa ku Axum, ubale umene unachititsa kuti mpingo wa ku Ethiopia uzilandira mtsogoleri wake kuchokera ku Alexandria mpaka zaka za m'ma 1950. Mbiri ya mmonke Antony wa m'chipululu imene analemba inafika mpaka ku Milan, kumene Augustine, mwana winanso wa Africa, anaimva mu 386 atatsala pang'ono kutembenuka mtima.

Analinso ndi mbali yake yowawa. Polemba za adani ake lilime linali lakuthwa, ndipo aliyense wotsutsana naye ankamutcha wa Arius ngakhale amene sanali. Kalata ina ya pagumbwa imene inapezeka ku Egypt, yolembedwa ndi munthu wa gulu la Melitius, limene linapatuka kwa bishopu wa ku Alexandria, cha m'ma 335, ikudandaula za kumenyedwa ndi kutsekeredwa ndi otsatira ake. Izi zinenedwe. Koma zinenedwenso kuti ali kobisala analemba kuti choonadi sichilalikidwa ndi malupanga, mikondo kapena asilikali, koma ndi kukopa ndi uphungu, ndi kuti mu 362 anasonkhanitsa magulu awiri amene ankakangana pa mawu, n'kufunsa lililonse chimene likutanthauza, n'kupeza kuti chikhulupiriro chawo n'chimodzi. Ife a kuno tili ndi chifukwa chomvera zimenezi. A Mboni za Yehova, amene amaphunzitsa kuti Yesu ndi woyamba kulengedwa, analetsedwa m'dziko muno kuyambira 1967 mpaka 1993, ndipo ambiri anazunzidwa n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Timatsutsana nawo pa chiphunzitso, ndipo titsutsane nawo ndi Baibulo lotsekula. Mphunzitsi amene asandutse maphunzirowa bwalo lonyoza mipingo ina kapena Asilamu oyandikana nawo, akulu a mpingo amuimitse.

Chomaliza chikupita kwa otsogolera makwaya. Kumene Chikhulupiriro chimaimbidwa, tengani nyimboyo muiike pambali pa mawu a m'buku, muyerekeze mzere ndi mzere. Wopeka nyimbo akafuna kuti mawu akwane m'kayimbidwe, amene amayamba kudulidwa ndi obwerezabwereza aja: Mulungu wochokera kwa Mulungu, kuwala kochokera ku kuwala, Mulungu weniweni wochokera kwa Mulungu weniweni, wobadwa osati wolengedwa. Chotsalacho Arius akanaimba nawo mosavuta, mwina n'kutsogolera kumene. Mukapeza kuti mizereyi mulibe, nyimboyo ibwerere kwa mwini wake akaikonze, ndipo kufikira atatero mpingo uzingonena mawuwo pakamwa.

Aphunzitsi a mbiri ya mpingo,
Zomba